Mabotolo Awiri a Zainabu

Chaka choyamba pa ntchito

Phokoso limene silinandichoke m'makutu ndi kugundana kwa mabotolo opanda kanthu. Azimayi ankakwera njira yochokera kudoko atawanyamula m'majumbo ndi m'madengu, ndipo ndinkawamva ndisanawaone. Kachipatala kathu kanalibe mabotolo akeake, choncho aliyense wofuna mankhwala amadzi ankabwera ndi lake: la zakumwa, la mafuta ophikira, la mafuta odzola. Mpaka lero mabotolo akagundana pagolosale yapafupiyi ndimadzuka pampando, kenako n'kuima pakhomo osadziwa chimene ndadzukira. Ana anga, amayi anu amati ndinapuma ntchito papepala pokha.

Kachipatalako kanali pakati pa Maganga ndi Senga Bay. Kanatsekedwa kale, ndipo dzina lake ndilisiya. Ndinafikako ndili mnyamata, ndi satifiketi ya Fomu 2 basi, kudzasesa ndi kutsuka mabotolo. Agogo amene anandilera ku Chitala makolo anga atamwalira anali ogontha, ndipo tinkatha tsiku lonse osalankhulana. M'nyumba imeneyo ndinazolowera kuyang'ana manja ndi nkhope za anthu m'malo modikira mawu awo. Kusukulu ankati ndine wamanyazi. Pa ntchito khalidwe lomwelo linandikweza, chifukwa namwino wamkulu, Mayi Nanyoni, anaona kuti sindiiwala botolo la munthu ngakhale atabwera makumi atatu, ndipo mwezi usanathe anandiika pawindo logawira mankhwala.

Tsiku lina anandipeza m'chipinda cha mankhwala nditaima kutsogolo kwa zigubu, ndikuyendetsa milomo powerenga zolembedwa. Anandifunsa tanthauzo la internal. Ndinati ndi mkati. Anafunsa la inside, ndinati mkati. Anafunsa la within, ndinatinso mkati.

"Ndiye ukuti Mngelezi analibe chochita, iwe Lufeyo? Anangokhala pansi n'kupanga mawu atatu a chinthu chimodzi?"

Anatenga katoni yopanda kanthu n'kuponyamo chivindikiro. Anati ameneyo ndiye inside, chinthu chili m'malo okhala ndi khoma loti ungaligwire, kaya ndi katoni, botolo kapena chipinda. Within anati ndi wa malire osagwirika, makamaka a nthawi: pachigubu akalemba kuti mankhwala agwiritsidwe ntchito within masiku khumi, ndiye kuti masiku khumiwo asanathe, osati atatha. Internal anati ndi wa m'thupi, kumene diso silifika. Munthu wogundidwa ndi galimoto angaoneke bwinobwino koma magazi akutayikira m'mimba, ndipo mankhwala olembedwa internal ndi oti alowe m'thupi. Mnzake wotsutsana naye ndi external, wa pakhungu. Anawonjezera inpatient, wodwala wogonekedwa, ngakhale ife tinali ndi mabedi anayi okha, ndi inner, monga khutu lamkati. Ndinalemba zonsezi kuchikuto cha kope, ndipo kwa mlungu wathunthu ndinkayenda ndikutchula chilichonse chimene ndaona: nsomba inside dengu, kufika kunyumba within ola limodzi. Ndinkadziona ngati dokotala.

Mayi Nanyoni sanachedwe kunditsitsa. Anati Chingelezi chonsecho ndi changa ndi chawo, mayi woima pawindo alibe nacho ntchito. Anatulutsa bulangeti lofiira lakutha la m'chipatala, n'kundipatsa lezala kuti ndilidule tizidutswa. Botolo lililonse la mankhwala opaka linkamangidwa kansalu kofiira pakhosi. Ndipo botolo silinkachoka m'manja mwanga mpaka mwini wake atabwereza ndi pakamwa pake kuti ili ndi lopaka, ili ndi lakumwa, kangati pa tsiku. Wina akabwereza molakwa tinkayambiranso, mzere ukudandaula kunja. Mayi Nanyoni ankangosuzumira n'kuwauza kuti wothamanga akapeze chipatala china, podziwa kuti chapafupi chinali ku boma.

Chaka chachisanu ndi chiwiri

Mayi Nanyoni anapuma n'kubwerera kwawo, ndipo m'malo mwawo munabwera Bambo Chikuse, amene anthu ankawatchula adokotala. Ndisawanamizire, anali munthu wolimbikira. Anakonza okha filiji ya katemera imene inafa zaka ziwiri, ankayamba ntchito tisanafike tonse, ndipo dzanja lawo posoka bala linali lofewa. Koma anali ndi mantha amodzi, oti anthu a m'tauni angawaone ngati munthu wakumudzi.

Atangokhala miyezi iwiri kunabwera alendo oyendera zipatala. Mmodzi, mayi wovala nsapato zazitali zimene zinkamira mumchenga, ananyamula botolo la kansalu kofiira ndi zala ziwiri n'kufunsa ngati pano ndi pachipatala kapena kwa sing'anga, poti nsupa zomanga nsanza amazidziwa kumeneko. Anzake anaseka. Bambo Chikuse anaseka nawo, koma ine ndinkayang'ana khosi lawo, mtsempha utatupa. Mlungu wotsatira anabwera ndi zidindo ziwiri zochokera ku Lilongwe. China chinali cha INTERNAL USE, china cha EXTERNAL USE ONLY. Analamula kuti bulangeti litayidwe, tizidinda timapepala n'kumata pabotolo, monga zipatala zonse zolongosoka.

Sindinatsutse. Ndikulemba zimenezi kuti muzidziwe, chifukwa inu mumandiona ngati munthu wolimba mtima. Ndinangoti chabwino bwana, n'kubisa tizidutswa totsala m'thumba la yunifolomu. Kwa miyezi ingapo ndinkamanga mozemba, makamaka kwa agogo ndi kwa amayi a ana aang'ono. Tsiku lina anakumana ndi gogo wina pachipata atanyamula botolo lomanga, ndipo anandiitanira mu ofesi n'kundiuza mofatsa kuti akadzaonanso ndidzabwerera ku tsache. Ndinasiya.

Zinthu zinkasowa chaka ndi chaka. Inki ya zidindo itatha tinayamba kunyowetsa kasiponji ndi jivi, mankhwala ofiirira opaka pazilonda aja. Guluu atatha tinkamata ndi phala la chinangwa. Mapepala atatha tinkadula m'mphepete mwa mafomu akale. Zilembo zinkatuluka zonenepa, zolowererana, ndipo botolo likanyowa pang'ono zinkasanduka banga. Anthu nawo anachuluka, poti asodzi ochokera kutali anamanga misasa kudoko. Kubwereza kuja kunafa kokha popanda wokuletsa. Munthu mmodzi sungadikire anthu zana kuti aliyense abwereze, adokotala akugogoda khoma kuti mzere uyende.

Dzinja la chaka chachisanu ndi chinayi

Chaka chimenecho mphere zinagwira doko lonse. Mankhwala ake anali oyera ngati mkaka. Mankhwala a chifuwa a ana amene tinali nawo nthawi imeneyo analinso oyera ngati mkaka.

Zainabu ndinkamudziwa ndi maso okha. Anali mkazi wa Che Twaibu, msodzi wokhala ndi bwato lakelake, amene anamukwatira mkazi woyamba atamwalira n'kusiya mwana wamkazi, Hawa. Mwanayo anali ndi zaka zinayi. Ine mwana wamasiye ndimamuzindikira pamzere ngakhale asanandiuze, ndipo ndimayang'ana amene wamubweretsa. Ndinaonapo ambiri okokedwa dzanja ngati mbuzi. Hawa ankabwera ali kumsana, miyendo ikulendewera mpaka m'ntchafu za Zainabu, dzanja lili m'kati mwa mpango wa mayiyo likuseweretsa khutu. Mwana sagwira khutu la munthu amene amamuopa.

Linali Lachiwiri. Mwanayo anali ndi chifuwa ndi mphere zomwe, ndipo Zainabu anandipatsa timabotolo tiwiri tofanana, tabulauni, totsuka bwino. Ndinathira, ndinadinda, ndinamata. Sindinasokoneze, chidindo chilichonse chinapita pa botolo lake. Ndinakankhira onse awiri pawindo n'kunena kuti ili lakumwa, ili lopaka, ndikuloza ndi chibwano chifukwa manja anali atagwira kale kabuku ka munthu wotsatira. Anawaika m'jumbo imodzi. Kenako anaima, n'kusuzumira m'jumbomo, n'kutsegula pakamwa. Mayi wa kumbuyo kwake anamukankha ndi chigongono. Zonsezi ndinaziona bwinobwino, ndipo ndinaitana dzina lotsatira.

M'mawa mwake cha m'ma teni Hawa anabwera pa kabaza, atanyamulidwa ndi bambo wake, thupi likugwedezeka, maso atatembenuka. Anali atamwetsedwa mankhwala a mphere katatu. Bambo Chikuse anachita zonse zimene akanatha, mwachangu ndi mosanjenjemera, ndipo anaimitsa okha matola pamsewu kuti mwana apite kuchipatala cha ku boma. Anagonekedwa masiku anayi. Anachira.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma kumudzi inali itangoyamba. Malemu mayi a Hawa anali ndi mkulu wawo, Abiti Saidi, amene kuyambira pamaliro ankafuna kutenga mwanayo, ponena kuti mwana ndi wa kuchikazi. Iwowa anayenda nyumba ndi nyumba kunena kuti mkazi wopeza wathira mwana chiphe dala, kuti chuma cha bwato chidzadyedwe ndi ana ake okha. Mwana asanatuluke n'komwe m'chipatala, katundu wa Zainabu anali atatulutsidwa panja, iye ali kwa amalume ake. Akuluakulu anagwirizana zokumana Lachisanu la sabata yotsatira ikatha swala ya kumzikiti, pakhonde la shehe, kuti aone ngati banja lithe ndi kumene mwana apite. Anatumiza uthenga kuchipatala kuti pabwere munthu wodzawerenga zolembedwa pamabotolo.

Bambo Chikuse anandiitana n'kutseka chitseko. Anandifunsa ngati ndinadinda molakwa, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinamuuza mayiyo lakumwa ndi lopaka, ndinati ndinamuuza.

"Basi. Mukawerenge zolembedwazo, muwamasulire, mubwereko. Sindikukutumani kukanama, a Lufeyo. Zina zonse, za nsanza zanu zija, za mzere, za inki, ndi internal. Zimathera m'chipinda chino." Anatsegula chitseko, kenako anawonjezera motsitsa mawu kuti ndili ndi ana atatu ndipo nyumba imene ndikukhala ndi ya chipatala.

Chovuta chinali chomwecho, sanandiuze kuti ndiname. Masiku awiri otsala kuti Lachisanulo lifike sindinakhazikike. Ndinatsukanso mabotolo otsuka kale. Nthawi ya nkhomaliro ndinkatsika mpaka kudoko, n'kuima pakati pa matandala oyanika usipa, n'kubwerera osalankhula ndi munthu. Ndinkadziuza kuti mwana wachira, kuti mabanja amatha tsiku lililonse pa zifukwa zochepa kuposa izi, kuti Zainabu ndi wamng'ono adzakwatiwanso. Ndikafika pamenepo maganizo ankabwerera kwa Hawa. Ndinkadziwa kumene ankapita. Abiti Saidi anali ndi ana asanu ndi awiri, ndipo ndinali nditawaona pamzere momwe ankagwirira ana awo omwe. Lachinayi madzulo amayi anu anandipeza ndikuzungulira nyumba kachitatu.

"Bambo a Chisomo, ngati mukanena kanenani, ngati simukanena khalani pansi. Mukundichititsa chizungulire."

Ndinawafunsa kuti tikatulutsidwa m'nyumba tidzapita kuti. Anati sakudziwa, ndipo anapitiriza kusankha mpunga.

Lachisanu lake

Amuna anakhala pamikeka pakhonde, amayi pansi pa mtengo wa mango chapafupi. Zainabu anakhala payekha kumapeto, atafunda mpango mpaka pamphumi. Hawa sanabwere naye, anali atasungidwa kwa a Abiti Saidi. Timabotolo tija tinali pa mbale yachitsulo patsogolo pa shehe, bambo wokalamba wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Atapereka salamu ndi kupemphera mwachidule, anandipempha kuti ndiwerenge.

Ndinanyamula loyamba n'kunena kuti apa palembedwa kuti mankhwala olowa m'thupi, akumwa. Ndinanyamula lachiwiri n'kunena kuti apa palembedwa kuti a pakhungu pokha.

"Mwamva?" anatero Abiti Saidi, akutembenukira amayi anzawo. "Zinalembedwa. Achipatala ntchito yawo anagwira. Nanga uyu maso anali atawabwereketsa?"

Shehe anandithokoza n'kunena kuti ndingathe kubwerera ku ntchito. Ndinaimirira, n'kuvala nsapato imodzi. Inayo ndinaigwira m'manja nthawi yaitali, mpaka anthu anayamba kundiyang'ana. Kenako ndinavulanso, ndinabwerera pamkeka, ndinatenga mabotolo aja n'kuwasinthanitsa kumbuyo kwanga, n'kuwapereka kwa Che Twaibu. Ndinawapempha kuti andisonyeze limene angamwetse mwana wawo.

Anawatembenuza, anawayang'anitsa padzuwa, ananunkhiza. Anali munthu wodziwa nyanja, wotha kuuza mtundu wa nsomba poona mafunde okha, koma apa thukuta linatuluka pamphuno. Anati sakudziwa. Ndinapempha kuti apatsidwe a Abiti Saidi. Iwo anakana kuwagwira, ponena kuti sanabwere kudzalemba mayeso. Shehe anawatenga okha, anakweza magalasi, anatsitsa. Anati Chiarabu amawerenga, Chichewa amawerenga, koma apa akungoona mabanga awiri a jivi.

Pamenepo ndinanena zonse. Mawu anga ndi aang'ono, ndipo shehe anachita kuuza ana osewera pabwalo kuti akhale chete. Ndinawakumbutsa za kansalu kofiira, ndipo amayi angapo achikulire anagwedeza mitu. Ndinati tinakasiya, ndi kubwereza komwe tinakusiya, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikupereka mabotolo olembedwa m'chilankhulo chimene pa anthu onse okhala pamenepa ndimawerenga ndine ndekha. Dzina la Bambo Chikuse sindinalitchule, koma panalibe wosadziwa amene amalamula pachipatala. Pomaliza ndinanena chimene chinkandiyendetsa masiku onsewo, kuti mayiyu anaima pawindo kufuna kufunsa, ine ndinamuona, ndipo ndinaitana wina.

"Ndiye wothira chiphe ndinu?" anafunsa Abiti Saidi.

"Ngati pakufunika dzina loti mutchule, mayi, tchulani langa."

"Tidzalitchula, musade nkhawa. Munthu wamkulu ndi ndevu zomwe, kumwetsa ana mankhwala a mphere."

Wina anaseka, n'kudziletsa. Zainabu sanadzutse mutu. Che Twaibu ankangoyang'ana zikhato zawo. Amalume a Zainabu anayamba kulankhula mokweza, a kuchikazi kwa malemu anawayankha, ndipo shehe anakweza dzanja n'kundiuza kuti zanga zamveka, zotsala ndi za banja. Ndinachoka osadziwa chimene agamule. Panjira ndinadutsa chipatala osazindikira mpaka ndinakafika pamsewu waukulu.

Masabata atatu otsatira

Nkhani inafika kwa Bambo Chikuse ine ndisanafike. Sanakalipe. Lolemba ndinapeza pawindo pali mtsikana wina amene ankathandiza ku sikelo ya ana, ndipo ine anandilozera kumpopi wa kuseri, kumene ndinayambira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Komiti ya chipatala inakumana kawiri. Eni chipatala anatumiza munthu kudzafunsa mafunso, ndipo anakhala mu ofesi ndi adokotala maola atatu, ine n'kundifunsa mphindi zisanu nditaimirira. Anzanga ogwira nawo ntchito ankandipatsa moni akuyang'ana kumbali. Wolondera anandiuza kuti ndachita bwino, kenako anandipempha kuti ndisauze munthu kuti iye watero.

Za Zainabu sindinamve chilichonse. Kufunsa sindikanatha, chifukwa kudoko ena ankanditchula kale kuti bambo wa mphere, ndipo ndikayandikira nkhani zinkaduka. Ndinkatsuka mabotolo ndikuyang'ana njira. Ndikaona mayi wobereka mwana wamkulu ndinkaimirira, n'kupeza kuti ndi wina. Amayi anu anayamba kusonkhanitsa makatoni osandiuza, n'kumawabisa kuseri kwa kabati.

Lachinayi la sabata yachitatu, dzuwa lili pamutu, Bambo Chikuse anabwera kumpopi. Aka kanali koyamba kundilankhula chichitikireni msonkhano uja. Anaima pamthunzi wa thanki, envulopu yabulauni ili m'manja, n'kuyang'ana mzere wa pakhonde.

"Mwaona zimene mwayambitsa? Akubwera atamanga okha nsanza pamabotolo. Wina dzulo wamanga onse awiri, ndiye sindikudziwa kuti zimuthandiza chiyani."

Ndinapitiriza kutsuka. Anakanda chibwano, n'kunena kuti eni chipatala ali ndi kachipatala kena ku Chitala, kumene akufuna munthu wosesa ndi kutsuka. Pawindo sindidzakhalanso. Nyumba ndituluke pofika Lamlungu, lole idzabwera. Anati iwo anapempha kuti ndisachotsedwe ntchito, ndipo ndikhulupirire kapena ndisakhulupirire, zili kwa ine. Ndinawakhulupirira, ndipo mpaka pano ndimawakhulupirira.

Anatembenuka ngati akupita, n'kuimanso.

"Mkazi wa Che Twaibu uja ndamuona dzulo kumsika wa ku Senga Bay. Amagula tomato, mwamuna wake atamugwirira jumbo. Kamwana kali kumsana, kakulu ngati kameneko. Ndinamuuza kuti adzathyoka msana."

Ndinafunsa ngati anayankha. Anati anangoseka.

Manja anga anali a sopo. Anadikira kuti ndiwatsukuluze ndi kuwapukuta pa thalauza, kenako anandipatsa envulopu ija ya kalata yondisamutsa, n'kubwerera kwa odwala awo.